Sikelo yobera, ula wa pamaliro ndi mawu oti "siyani zonse": wotsata Yesu asiye chiyani?

Funso: Abusa, ndine bambo wa zaka 31, ndili ndi mkazi ndi ana awiri, ndipo ndidabatizidwa chaka chatha. Ndimagulira bwana wina soya, mtedza ndi chimanga kwa alimi. Sikelo imene adandipatsa imadya makilogalamu awiri pa thumba lililonse la 50, ndipo mbewu zikachuluka ndimagula matumba 40 pa tsiku. Kumudzi nako bambo adatisiya miyezi itatu yapitayo, ndipo mayi ndi amalume akuti aliyense asonkhe ndalama tikaombeze ula kuti tidziwe adawadya ndani. Amene amatitsogolera ku gulu la mapemphero akuti ndisiye zonse, ntchito ndi abale omwe, nditumikire Mulungu, poti Luka 14 akuti wosadana ndi atate ndi amake sangakhale wophunzira wa Yesu. Ndisiye chiyani, nanga maitanidwe amadziwika bwanji?

Yankho: Pepani kwambiri ndi maliro a bambo. Nkhani zanu zilipo zitatu, ndipo mtsogoleri wanuyo walakwa pozipatsa yankho limodzi. Sikeloyo muisiye, ulawo muukane, koma mayi anu, amalume anu ndi ntchito yogula mbewu Yesu sadakuuzeni kuti muzitaye. Kutsata Yesu kumadula ndithu, ndipo inu kukudulirani chaka chomwechino. Vuto ndi loti ambiri amalipira malo olakwika. Amataya zimene Mulungu adawapatsa kuti azisamale, n'kupitiriza kufungatira kanthu kamodzi kamene adayenera kusiya.

Tiyambe ndi Luka 14:25-33. Yesu ali pa ulendo wa ku Yerusalemu kumene akaphedwe, ndipo chikhamu cha anthu chikumulondola ngati akupita ku chisangalalo. Iye akutembenuka n'kunena katatu, pa ndime 26, 27 ndi 33, za munthu amene sangathe kukhala wophunzira wake. Za kudana ndi makolo musaziwerenge pazokha. Mateyu 10:37 akunena chiphunzitso chomwecho poyera: wokonda atate kapena amake koposa Yesu sayenera Iye. Nkhani ndi yoti mawu omaliza ndi a yani pamene zofuna za makolo ndi za Yesu zawombana. Yesu yemweyo pa Marko 7:9-13 adadzudzula Afarisi chifukwa cholola munthu kumana makolo ake thandizo ponena kuti chuma chake adachipereka kwa Mulungu. Ali pa mtanda adapereka amayi ake m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda kuti awasamale (Yohane 19:26-27). Paulo naye pa 1 Timoteo 5:8 akuti wosasamala a pabanja pake wakana chikhulupiriro ndipo ndi woipa kuposa wosakhulupirira. Mayi amasiye a miyezi itatu sathawidwa m'dzina la Yesu.

Mtanda nawo timautchula mosavuta chifukwa timauona pa makoma a tchalitchi ndi pa yunifolomu. Omvera a Yesu ankaudziwa mwina. Herode Wamkulu atamwalira mu 4 BC kudabuka chipwirikiti, ndipo kazembe wa Aroma dzina lake Varus adapachika Ayuda pafupifupi 2,000. Woweruzidwa ankasenza yekha mtengo wopingasa kudutsa m'misewu, anthu akumunyoza, podziwa kuti sabwereranso. Tsono matenda, umphawi kapena mlamu wovuta si mtanda umene Yesu akunena. Amenewo ndi mavuto ogwera wina aliyense, wopemphera ndi wosapemphera. Mtanda mumaudziwa podzifunsa kuti, nditangovomera zimene akufunazi, vutoli litha? Likakhala loti litha mukangosiya kumvera Yesu, ndi mtanda. Palinso mavuto odziputira. Pa 1 Petro 4:15-16 mtumwi akusiyanitsa wovutika chifukwa ndi Mkhristu ndi wovutika chifukwa ndi wakuba kapena wolowerera nkhani za eni. Munthu amene wanyoza abale ake pabwalo kuti ndi a ziwanda, iwo n'kumusala, asamati akuzunzidwa chifukwa cha Uthenga.

M'ndime zomwezo Yesu akupereka zitsanzo ziwiri: womanga nsanja amene amayamba wakhala pansi kuwerengera ngati ndalama zikwane, ndi mfumu ya asilikali 10,000 imene ikulingalira ngati ingalimbane ndi ya 20,000. Onse awiri amayamba akhala pansi. Tiyeni nafe tikhale pansi ndi sikelo yanu.

Makilogalamu awiri pa matumba 40 ndi makilogalamu 80 pa tsiku. Pa masiku asanu ndi limodzi ndi 480, pafupifupi matumba khumi. Pa mwezi wa masiku 24 ogwira ntchito ndi 1,920, matumba 38 ndi kanthu, otengedwa kwa anthu amene adakongola feteleza, kupalira ndi kukolola, ena n'kusenza mbewuzo pamutu kapena panjinga kuchokera kutali. Baibulo silizungulira pa nkhaniyi. Levitiko 19:35-36 akulamula miyeso yolungama, Deuteronomo 25:13-16 akuletsa kusunga miyeso iwiri, waukulu ndi waung'ono, Miyambo 11:1 akuti muyeso wonyenga umanyansa Yehova, ndipo Amosi 8:4-6 akudzudzula amalonda a tirigu ochita zomwezi kwa osauka. Zoti sikelo ndi ya bwana sizikuchotsani pa mlandu. Amene mumapachika thumba, kuwerenga nambala ndi kumuyang'ana mlimi m'maso ndinu. Ndipo a Malawi Bureau of Standards, amene amayesa ndi kudinda masikelo a malonda, akadzafika, adzaipeza m'manja mwanu.

Koma onani kuti choipa ndi sikelo, kugula mbewu si tchimo. Okhometsa msonkho ndi asilikali atafunsa Yohane Mbatizi kuti achite chiyani, sadawauze kuti asiye ntchito. Adati asamalandire zoposa zimene adalamulidwa, asamalande za anthu, akhutire ndi malipiro awo (Luka 3:12-14). Mpingo wa m'zaka za m'ma 200 unkafunsa ntchito ya munthu asanalowe kalasi ya ubatizo, imene kwina inkatenga zaka zitatu. Wosema mafano, wamatsenga kapena wosunga nyumba ya mahule ankauzidwa kuti asiye, apo ayi sankalandiridwa, chifukwa ntchito zimenezo n'zosakonzeka. Yanu ndi yokonzeka.

Poyamba khalani ndi umboni. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho yezani chigubu cha malita 20 chili chopanda kanthu, muchidzaze ndi malita 20 oyezedwa bwino, muchiyezenso, mulembe kusiyana kwake, kumene pa sikelo yoona kuyenera kukhala makilogalamu 20. Mapaketi a shuga a kilogalamu imodzi khumi pamodzi athandizanso. Kenako kambani ndi akazi anu musanakambe ndi bwana. Apa ndi pamene abambo ambiri amalakwitsa: amatsimikiza okha ku mapemphero a usiku, n'kufika kunyumba ntchito itatha kale, pomwe amene adzaone mphika wopanda ndiwo ndi mayi. Lembani limodzi za lendi, chakudya, sukulu ya ana ndi ngongole zonse, kaya ya banki m'khonde kaya ya katapila, muone kuti mungakhale masabata angati opanda malipiro ndi chimene mungagwire pa nthawiyo. Uzaninso mkulu wa mpingo wa kudera kwanu. Zonsezi zisapitirire sabata imodzi. Kuwerengera mtengo kukasanduka kudikira kuti nyengo yogula mbewu ithe, ndiye kuti mwasankha kale kupitiriza.

Bwana mukamuone pa awiri, osati pamaso pa antchito anzanu, ndipo musakamulalikire. Mawu ochepa akwana: "Bwana, ntchitoyi ndimaifuna ndipo ndidzaigwira mokhulupirika, koma sikelo iyi sindithanso kuyezera anthu." Mupite ndi njira ina m'manja. Ogula mbewu amatayadi ndalama pa chinyontho, zinyalala ndi kulemera kwa thumba, ndipo ambiri amapotoza sikelo pofuna kubweza zimenezo mobisa. Njira yoyera ndi kulemba mtengo poonekera, kunena musanayeze kuti mbewu yosauma kapena yosapeta muichotsera mwakuti, mlimi aone nambala ndi maso ake, avomere kapena apite kwina. Mtengo wotsika wonenedwa poyera si kuba. Bwana atha kuvomera, atha kukusamutsirani ku ntchito ina ngati yolondera katundu kapena yolemba, athanso kukuchotsani. Chimene musachite ndi kukonza zinthu mwamseri, kumawonjezera alimi ndalama za bwana iye asakudziwa. Matumba akakayezedwanso kunkhokwe kuperewerako kudzakhala pa inu, ndipo mudzatchedwa wakuba pa chifukwa chomveka.

Palinso zobweza, zimene maulaliki ambiri a kulapa amazilumpha. Levitiko 6:1-5 ndi Numeri 5:6-7 akuti wonyenga mnzake abweze chonse n'kuwonjezapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Zakeyu adadzipereka yekha kubweza kanayi (Luka 19:8). Zimene zidalowa m'thumba la bwana simungazibweze zonse, koma ngati munkalandirapo kanthu pa makilogalamu odyedwawo, kameneko ndi ngongole yanu. Tsegulani kope lanu logulira, muyambe ndi alimi amene mumawadziwa, makamaka amasiye ndi okalamba, muzibweza pang'onopang'ono monga mungathere. Pitani ndi mkulu wa mpingo, nyumba ndi nyumba. Kulengeza pamsika kungautse chipolowe n'kuvulaza anthu. Ndipo musaganize kuti kuika ndalamazo m'mbale ya chopereka kukuyeretsani pomwe eni ake mukuwadziwa. Mateyu 5:23-24 akuti siya mphatso paguwa, uyambe wakayanjana ndi m'bale wako.

Nkhani ya kumudzi ndi yowawa kuposa ya sikelo, chifukwa bwana mungamusinthe koma amalume simungawasinthe. Deuteronomo 18:10-12 akuletsa kuombeza ndi kufunsira kwa akufa, ndipo pa 1 Samueli 28 tikuona Sauli akupita usiku kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori n'kubwerako ndi mantha oposa amene adapita nawo. Ganizaninso mmene ulawo umathera. Banja likapita ndi funso loti adamudya ndani, yankho lake limakhala dzina kapena chizindikiro cha munthu, ndipo kawirikawiri ndi wapafupi: agogo aakazi, azakhali, wamasiye, kapena amene mudakanganapo naye za malire a munda. M'dziko muno okalamba amenyedwa, kuwotcheredwa nyumba ngakhale kuphedwa chifukwa cha zoterezi. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndalama yanu ikalowa m'msonkhowo, mwathandiza kugula dzina la munthu amene adzalozedwe chala.

Kakanidwe kake n'kofunika ngati kukanako. Musakane pa foni kapena pa gulu la banja la pa WhatsApp. Kwerani minibasi mupite. Yambani ndi amalume paokha, poti ndiwo eni mbumba, ndipo munthu wamkulu akatsutsidwa pagulu amaumirira ngakhale mumtima akuona kuti mwanena zoona. Khalani pansi, apepeseni maliro a alamu awo, mumve kaye mantha awo, kenako munene mwachidule: "Amalume, ine ndine mwana wanu ndipo sindikuchoka pabanja pano. Za kwa sing'anga zokhazi sinditha kusonkha nawo chifukwa cha chikhulupiriro changa, komanso ndikuopa kuti tidana pachibale. Zina zonse ndiuzeni." Ndipo zinazo muzichitedi, moposa kale: chimanga cha mayi, feteleza wa munda wawo, denga likamadontha, simenti ya chiliza nthawi yake ikakwana. Ndi bwino kupereka katundu m'malo mwa ndalama, koma musachite kuwalondalonda ngati wapolisi. Maliro akagwa m'mudzi pitani, gonani pasiwa, perekani chipepeso. Ngati bambo ankapita kuchipatala, tengani kabuku kawo, mupite ndi amalume kapena mayi kwa dokotala akafotokoze chimene chidawatenga. Mabanja ambiri amathamangira ku ula chifukwa palibe adawauza momveka kuti sitiroko, shuga kapena kuthamanga kwa magazi kumapha munthu amene dzulo lake ankalima.

Konzekani kumva kuti wokana ula ndiye akudziwapo kanthu. Atha kukuganizirani inu, ndipo kawirikawiri mlandu umagwera mkazi, kuti ndiye wakudyetsani kapena wakulekanitsani ndi abale. Muwachenjezeretu akazi anu, ndipo pamaso pa abale nenani kuti maganizowa ndi anu. Atha kukusalani pa zokambirana za banja kapena pogawa munda. Umenewu ndiye mtanda weniweni pa nkhani yanu. Musabwezere mawu, musawatchule achikunja, ndipo musasiye kupita. Mayi anu sakulimbana ndi Yesu. Akuopa kuti wotsatira kufa ndi iwo kapena mmodzi wa ana awo. Pemphani akulu a mpingo wa kumudziko ndi amayi a Mvano kapena a Chigwirizano kuti aziwayendera. Atha kupitabe kwa sing'angayo popanda inu, ndipo simungawaletse. Koma akabwerako ndi dzina la munthu, muime poyera kuti asamukhudze, ndipo mukaona kuti moyo wake uli pachiswe dziwitsani amfumu ndi apolisi msanga.

Kukana chinthu chimodzi n'kukhulupirika pa zina zonse ndiyo njira imene mboni zakale zidatsata. Danieli ku Babuloni adalandira dzina lachilendo, maphunziro ndi udindo m'boma, koma adakana chakudya cha mfumu, ndipo pambuyo pake adakana kusiya kupemphera. Anyamata a kunyumba ya Kabaka (mfumu) Mwanga II ku Buganda, m'dziko limene lero ndi Uganda, motsogozedwa ndi Charles Lwanga, ankatumikira mfumu yawo, koma adakana zadama zimene inkafuna ndipo adakana kutaya chikhulupiriro. Ambiri a iwo adatenthedwa ku Namugongo pa 3 June 1886, Akatolika ndi Aanglikani pamodzi. Sadachite kufunafuna imfa. Idawapeza ali pantchito yawo.

Tsopano za maitanidwe. Oyamba, amene Mkhristu aliyense ali nawo, ndi oitanidwa kwa Yesu mwini, ndipo inu mudawalandira kale. Sikuti aliyense woitanidwa amasiya ntchito. Petro ndi Andreya adasiya makoka, Levi adasiya mpando wa msonkho, koma munthu wa ku Gerasa uja adachotsedwa ziwanda atapempha kuti apite nawo, Yesu adamukaniza n'kumutuma kwawo kwa abale ake kukanena zimene Ambuye adamuchitira (Marko 5:18-19). Lidiya wogulitsa nsalu zofiirira adatsegula nyumba yake kukhala posonkhanira abale ku Filipi. Petro yemweyo adali ndi nyumba ku Kapernao ndipo ankayenda ndi mkazi wake (1 Akorinto 9:5). Paulo ankasoka mahema ku Korinto, ndipo pa 1 Akorinto 7:17-24 akulangiza otembenuka mtima kuti akhale m'mene maitanidwe adawapezera. Pamalo ogulira mbewu pamene alimi adazolowera kuberedwa, munthu wa sikelo yoona amadziwika midzi yonse nyengo isanathe.

Maitanidwe a ubusa kapena ulaliki ndi ena, ndipo satsimikizidwa ndi munthu mmodzi. Pa 1 Timoteo 3:6 akuti woyang'anira mpingo asakhale wongotembenuka kumene, kuopa kuti angadzitukumule, ndipo ndime 4 ndi 5 zikuti ayambe waonetsa kuti amatha kuyendetsa banja lake. Inu muli ndi chaka chimodzi. Barnaba ndi Saulo (amene ndi Paulo) sadadzitume okha. Mpingo wa ku Antiokeya udasala kudya, kupemphera, kuwasanjika manja ndi kuwatumiza (Machitidwe 13:1-3). N'chifukwa chake mu CCAP dzina la wofuna ubusa limadzera ku sesheni (bwalo la akulu) ya mpingo wake, kupita ku presibitale ndi ku sinodi asanalowe sukulu ya ubusa, ndipo mipingo ina ili ndi njira zake zoyesera munthu. Ngati mtima ukukukokerani kumeneko, dzipatseni zaka ziwiri kapena zitatu muli pantchito. Pemphani kuphunzitsa Sande sukulu, kuyendera odwala, kutsogolera mapemphero a kudera kwanu. Muone ngati anthu akuthandizika, ngati akulu a mpingo akuchitira umboni musanawapemphe, ngati akazi anu akuvomera ndi mtima wonse, ndiponso ngati chikhumbocho chikadalipo pamene palibe akukuyamikani. Dzifunseninso moona ngati simukufuna utumiki pothawa kukumana ndi bwana ndi amalume. Kusiya zonse nthawi zina kumakhala kosavuta kuposa kukonza ziwiri.

Mtsogoleri wanuyo mwina akunena ndi mtima wabwino, koma mufunseni kuti ana anu adzadya chiyani ndipo mudzayankha kwa yani. Ku Tesalonika kudali abale osiya ntchito n'kumadya za anzawo, ndipo Paulo adalamula kuti wosafuna kugwira ntchito asadye (2 Atesalonika 3:10-12). Chenjerani ndi mtsogoleri aliyense amene amakulekanitsani ndi abale ndi mpingo wanu, amene amati kufunsa mafunso ndi kusakhulupirira, amene amaletsa odwala kumwa mankhwala, kapena amene "zonse" zimene mwasiya zimathera m'manja mwake.

Sindikulonjezani kuti mukakana sikeloyo ntchito ina ipezeka sabata yamawa. Ena imapezeka, ena amavutika miyezi. Pa Marko 10:29-30 Yesu akulonjeza osiya nyumba ndi abale chifukwa cha Iye kuti adzalandira nyumba, abale, alongo ndi amayi kambirimbiri m'nthawi ino, koma akuwonjeza kuti pamodzi ndi mazunzo. Abale ndi nyumba zimenezo ndi mpingo, choncho musachite manyazi kuuza atumiki ndi akulu a mpingo ufa ukatha, kapena kufunsa amalonda a mumpingo ngati akufuna munthu wokhulupirika. Dziwaninso kuti zimene mutayezi sizigula chipulumutso, chimene mudalandira mwachisomo (Aefeso 2:8-10). Mukapita kwa bwana mawu n'kukuthawani, musadziyese wotayika. Petro adakana Ambuye katatu ndipo adabwezeretsedwa. Sankhani tsiku lina mupitenso.

Bwana akakuchotsani, musanyamule kanthu kake ngakhale thumba lopanda kanthu. Werengerani limodzi katundu ndi ndalama zotsala pamaso pa mboni, musayinirane, musunge kope lanu la masiku amene mudagwira. Malipiro anu akakana kupereka, kadandauleni ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, chifukwa kukhululuka sikuletsa wantchito kufunsa zake.